Masamba Aawisi Pamsewu

Panali munthu wina amene anachona kunja zaka makumi awiri. Anachoka ali mnyamata wa buluku limodzi. Anabwerako ali ndi imvi m'mbali mwa makutu, ndiponso galimoto yodziyendetsa yokha.

Galimotoyo inali ndi maso kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Munthu ankangoiuza kumene akupita, n'kupinda manja. Inkazemba maenje a mumsewu. Mbuzi ikadumphira patala, inkaima mwiniwake asanaione n'komwe mbuziyo. Inalinso ndi mawu. Ukaifunsa kanthu inkayankha msanga, mwaulemu, mosajejema: dzina la mankhwala a chifuwa, kutalika kwa ulendo, tsiku limene mwezi udzaoneke. Ndipo tinene zoona, nthawi zambiri inkalondola. Inkalondola kuposa anthu ambiri amene munthuyo ankawadziwa. Choncho anazolowera. Anayamba ndi kusiya kufunsa anthu, kenako anasiya kudzifunsa yekha.

Munthuyu anali ndi mlongo mmodzi, mayi wamasiye, ndipo mlongoyo anali ndi mwana wamwamuna dzina lake Fatsani. Fatsani anapeza mbeta kumudzi wina wa m'mbali mwa msewu waukulu, mtsikana wotchedwa Eneless. Anadikirana zaka zitatu. Chimene chinatsala n'choti malume a mnyamata akaonane ndi malume a mtsikana, a Chikakuda, kuti nkhani ilowe m'manja mwa akuluakulu. Popanda ulendo umenewo panalibe ukwati.

Mlongo wake anati, "Achimwene, mwakhalitsa kunja. Bwanji mutengane ndi wamkulu wina wodziwa kayankhulidwe ka pamphasa?"

Iye anaseka. "Ine ndakhala pamisonkhano ndi azungu a mitundu isanu. Ndikalephere kupempha mkazi?"

Koma mumtima ankaopa. Mawu a pamphasa anali atamuthawa kalekale, ndipo kufunsa mlongo wake wamng'ono kunamulemera. Galimoto siinkaseka munthu. Anati adzaifunsa panjira.

Tsiku lopangana linali Loweruka, nthawi ya teni koloko. Anavala suti ndi chipewa, anauza galimoto dzina la mudzi, n'kutseka mawindo. Ulendo wonse ankafunsa. Ndikafika ndiyambe bwanji? Ndikhale pati? Galimoto inamuuza kuti apereke moni, adikire mpaka eni nyumba amufunse za ulendo, asathamangire kutchula dzina la mtsikana. Anali mayankho abwino. Iye ankawabwereza ngati mwana woloweza ndime, maso ali pa kagalasi kamene kankalemba mawuwo, msewu atausiyira makina.

Atatsala pang'ono kufika anadzutsa mutu. Patsogolo pake, patala, panali nthambi za masamba aawisi, zina mbali iyi, zina mbali inayo. Galimoto inadutsa pakati pake osachepetsa liwiro.

Anafunsa, "Masamba aja ndi a chiyani?"

Galimoto inati, "Zikuoneka kuti mphepo yathyola nthambi za mitengo. Sizingawononge matayala. Tifika pakatha mphindi zinayi."

Inayankha ndi mawu omwe aja imayankhira zinthu zoona, odekha, otsimikiza.

Kunja kunalibe mphepo. Mitengo inali zii. Ndipo mphepo siindandalika nthambi, siitsindika mwala pamwamba pake. Munthuyo anadziwa. Tsiku limene bambo ake anamwalira, iye mwini anaona anyamata akudula nthambi zotere n'kukaziika pamsewu. Ngakhale mwana amadziwa kuti masamba amenewa akunena kuti pano pagwa zovuta. Wanjinga amatsika n'kuikankha. Wachipewa amavula. Wagalimoto amayenda ngati akuyenda pansi.

Dzanja lake linanyamuka kulunjika pachiwongolero. Linaima m'malere. Teni koloko inali pafupi, ndipo iye sankafuna kuoneka wochedwa. Yankho lija linali lokoma kulimva. Anabweza dzanja pamwendo.

Kenako anaona anthu. Abambo atakhala pansi m'mbali mwa msewu. Mkulu wina akukankha njinga. Amayi akuwoloka msewu atasenza mabeseni a ufa. Galimoto inawaona bwinobwino onsewo, ndipo sinagunde munthu. Inaliza hutala katatu, mokweza, inakhotera kumanja, n'kudutsa. Mayi wina anadzidzimuka, beseni linagwa, ufa unayera mbee patala.

Pagalasi loonera kumbuyo anaona abambo aja akuimirira. Palibe anaponya mwala. Palibe anakuwa. Anangoimirira n'kumayang'ana.

Masamba achiwiri, osonyeza pothera pamaliro, anadutsa pansi pa galimoto.

"Tadutsa bwino," galimoto inatero.

Kunyumba kwa a Chikakuda anapeza chitseko chotseka. Panalibe utsi, panalibe mwana, nkhuku zokha zikupalasa pabwalo. Anaima pakhonde chipewa chili m'manja, akubwereza moni wake uja. Patapita nthawi anafika mkulu wina panjinga. Anali yemwe uja ankaikankha pamsewu.

"Ndinu malume a Fatsani?"

"Ndine, wawa."

"Ine ndine Chikakuda. Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, kaya inu."

"Eee, mwayendadi bwino. Tonse taona."

Mkuluyo anatsamiritsa njinga pakhoma mosafulumira. Kenako anati, "Atisiya m'mawa uno ndi aphunzitsi akale a pamudzi pano, amene anaphunzitsa Eneless kulemba dzina lake. Anyamata amati tikuimbireni foni kuti musabwere. Ine ndinakana. Ndinati mlendo wanyamuka kale. Akafika pamasamba aima, afunsa, ndipo timulandirira pompo. Akhala nafe pamaliro, tiona mtundu wa anthu amene akufuna mwana wathu. Masambawo ndiwo anali uthenga wanu. Mayi uja munamulizira hutala ndi mlongo wanga, make Eneless."

Pakamwa pa munthuyo panatuluka chinthu chimene chinali pafupi.

"Pepani, wawa. Sindimayendetsa ndine. Galimotoyi imadziyendetsa yokha. Miyambo ya kuno siidziwa."

A Chikakuda anapita pagalimoto paja. Anaizungulira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, anasuzumira pawindo.

"Ooo. Ndiye yabwera kudzafunsira mbeta ndi iyiyi? Chabwino, bwana. Iuzeni itsike ndiiyalire mphasa. Inuyo poti ndinu katundu wake, mudikire panja."

Sanaseke. Anatenga njinga yawo n'kubwerera kumaliro.

Munthuyo anatsala yekha ndi nkhuku. Anatsegula chitseko cha galimoto, kukamwa kuli kale yasaa kuti afunse chochita. Anadziwa kuti iyankha. Iyankha msanga, mwaulemu, monga inayankhira za mphepo. Anatseka chitseko osaifunsa.

Anauyamba wapansi. Dzuwa linali litakwera, nsapato zikumuluma, suti itamata pamsana. Mtunda umene galimoto inaumeza m'mphindi zochepa unamutengera theka la ola. Atafika pamasamba anavula chipewa. Ufa anali atausesera m'mbali, koma tala inali yoyererabe. Anthu anamuona akubwera. Anamva mawu apansipansi akuyenda patsogolo pake: ndi uja wa galimoto, ndi uja wa galimoto.

Sanapite kumene kunakhala abambo. Anafunsa mayi wina kuti make Eneless ali kuti, ndipo anamulozera kuseri kwa nyumba, kumene amayi ankasonkha moto. Anaima chapatali monga ayenera kuimira mwamuna pamalo a amayi. Kenako anagwada m'fumbi, mawondo onse awiri, amayi onse akuona.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Achimwene anu ndawanamiza. Ndawauza kuti ndi galimoto. Galimoto sinadziwe, zimenezo n'zoona. Koma ine masamba aja ndinawaona, ndipo ndinadziwa."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, akupukuta manja pachitenje.

"Dzukani, bambo, suti ida. Ufa ndi ufa, tapeza wina. Kakhaleni ndi anzanu uko."

Akanamutukwana, bwenzi zitapepukako.

Anakhala pansi pamodzi ndi abambo. Palibe anamuthamangitsa, palibenso anamuyankhula. Anaimba nawo nyimbo zimene ankazikumbukira mwa apo ndi apo. Anaperekeza nawo kumanda munthu amene sanamuonepo, ali kumapeto kwa mzere. Anthu atabalalika, a Chikakuda anamuperekeza mpaka pamsewu.

Anati, "Mwachita bwino kubwerera. Fatsani sitimukana, mwanayo alibe mlandu. Koma nkhoswe ndi munthu amene timamuthamangira nyumba ya ana ikayamba kufuka utsi. Pamafunika munthu woti akaona chizindikiro aime, osati wofunafuna womuuza kuti si kanthu. Mlongo wanu atitumizire wina. Misozi iyambe yauma."

Kunyumba anapeza mlongo wake ali pakhomo, Fatsani ataima pambuyo pake atavala shati yosita.

"Amalume, zayenda bwanji?"

Munthuyo anayang'ana pansi n'kuwafotokozera zonse, osasiyako kanthu. Fatsani anangolowa m'nyumba. Mlongo wake sananene kuti ndinakuuzani. M'mawa mwake anamanga chitenje n'kupita yekha kukagwadira msuweni wawo wina, mlimi wa fodya amene sanapondepo kunja kwa dziko lino, kuti akawayankhulire.

Ukwati unachedwa mpaka anthu atakolola. Tsiku la chinkhoswe, ankhoswe a mbali ziwiri akupatsana tambala ndi msoti, amayi akululutira, mwini mbumba, malume a Fatsani aja, anakhala kumbuyo pakati pa alendo. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamufunsa kuti iye ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Anayankha motsitsa mawu kuti ndi wa kuchimuna.

Anzanga, makinawa ali kale m'matumba mwathu, ndipo ena a ife timawafunsa tisanafunse mayi athu. Sindikunena kuti muwataye. Amadziwa zambiri, ndipo pa zimene anaonetsedwa amaona msanga kuposa ife. Koma akalondola ndi akaphonya amayankhula ndi mawu amodzimodzi, ndipo alibe nkhope yoti igwe. Choncho pamene maso anu aona, mtima wanu n'kudziwa, musafunse makina kuti akuuzeni kuti ndi mphepo. Gwirani chiwongolero. Tsiku lopepesa likadzafika, makina alibe mawondo. Adzagwada m'fumbi ndinu.