Ndaziona ndi Kaduwa Kosadziwa Kuimirira

Kale, mapiri asanasankhe pokhala, m'mudzi mwa Msampha munali mtsikana wamfupi dzina lake Ndaziona. Pogawa minda, amalume ake a Kandaya anapatsa ana awo dambo lachonde, iye n'kumulozera pamiyala, m'mphepete mwa chigwembe. Ati munthu wamfupi safuna munda wautali. Chilungamo chake chimenecho?

Pamiyalapo chimanga chinakana. Kanavomera ndi kaduwa kotchedwa kayalapansi, koyera m'mbali, kachikasu pakati, kosadziwa kuimirira. Ndaziona ankagwada, kuthyola kanthambi, kukagoneka padothi lonyowa, n'kukanikiza ndi chala chachikulu. Paliponse pamene kakhudza nthaka kankazika mizu. Posakhalitsa m'mphepete monse munayera mbee, njuchi zikuimba tsiku lonse.

Tsono panali mwambo wakale woti kaduwa aka sazula pakamwa pa chigwembe. Koma a Kandaya anafuna malo a nazale ya fodya. Anati miyambo ina anaiyambitsa ndi alesi, nalowetsa khasu. Dothi linakokoloka, ndipo m'chigwembemo munadzuka Chimezankhokwe, chilombo cha mitu itatu, thupi lonse matope okhaokha. Chinatola Chatsika, mlongo wake wamng'ono wa Ndaziona, n'kumuponya m'thumba ngati chinangwa, ulendo wa kuthengo.

Amuna anatenga mikondo, nayenda mpaka pothera mthunzi wa mudzi, nabwerako akuti kukubwera mvula. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Ndaziona anapsa mtima. Anatola tinthambi tonse timene amalume ake anazula, nadzaza dengu, nawaza madzi, nasenza.

M'njira inamupeza njuchi yokalamba imene inkadya pamaluwa ake. Inati wokudyetsa sumusiya asochere, ndipo inatsogola. Inamunong'onezanso kuti chilombocho sichikana mpikisano, koma sichinagwirepo khasu chibadwire.

Anachipeza chikugubuduka m'thope, thumba lili pambali, mitu ikukangana kuti woyamba kuluma ndani.

“Odi, agogo,” anatero Ndaziona. “Ndadzatenga mlongo wanga. Koma tiyambe taseweretsa nzeru. Chilape.”

Mitu inaseka mpaka miyala kugwedezeka. “Nachize, kandiwo iwe,” unayankha wapakati.

“Ndili ndi mwana wanga. Ukamuponda amaseka, ukamudula amabereka.”

Wakumanja unati chule. Wakumanzere unati chule sabereka akadulidwa, chitsiru iwe, nuuluma khutu mnzakewo. Wapakati unati mwana wotere kulibe padziko.

Ndaziona anatula dengu. “Ndi uyu. Mukamutha, mutidye tonse awiri. Akakukanikani, mlongo wanga ndipita naye.”

Chilombo chinavomera malovu ali chuchuchu. Chinakhadzula tinthambi tija ndi zikhadabo, kutiduladula ndi mano a mitu yonse, n'kutimwaza m'mwamba monyada. Tizidutswa tinagwa ngati mvula, pamsana, m'khosi, m'makutu, ponseponse pathope lonyowa lija. Ndaziona anakwera mwendo wa chilombo, nathamanga pamsana pake akukanikiza ndi chala chachikulu, apa, apo, apo. Chilombo chinkangoseka poyesa akuchigirigisha.

Kuseka kunatha mizu itagwira. Inasoka zala kunthaka, inamanga maondo, inalumikiza zibwano ndi mapewa. Chikadzikanda, tinthambi tinkaduka n'kumera pawiri. Mitu inayamba kulozana mlandu, uwu ukuti ndiwe unavomera, uwo ukuti ndiwe unatafuna kwambiri, mpaka maluwa anaitseka pakamwa. Pamalopo panatsala phiri la nsonga zitatu, loyera mbee, njuchi ija itaitana kale abale ake.

Ndaziona anamasula thumba. Munatuluka mbuzi zomwe zinasowa kalekale, kenaka Chatsika, akuyasamula n'kufunsa ngati kunyumba amusungira mbatata.

Kumudzi anawalandira ndi nthungululu. Amuna a mikondo aja anati iwo ankangodikira mvula ikate. A Kandaya anabwera chipewa chili m'manja, kudzapempha mbewu yotsekera chigwembe chisanatulutse chilombo china. Ndaziona anawapatsa tinthambi, iwo n'kufuna kutimwaza ngati mawere.

“Ayi, amalume. Kameneka sabzala choimirira. Gwadani.”

“Ine, pamaso pa ana?”

“Inu amene. Za dambo lija tikambirana mukamaliza mzerewu.”

Anagwada. Ana awo anagwada, amikondo anagwada, mudzi wonse zala zili m'dothi. Ndaziona anayenda pakati pawo akuwongola ogoneka molakwika, ndipo tsiku limenelo m'mudzi mwa Msampha munalibe munthu wamtali kuposa iye.