Mfaddal Atsanzikana ndi Anthu a Kumtunda

Ku positi ofesi yathu ya mu mzinda wakale wa Tetouan, tsiku limayamba ndi matumba. Galimoto ikangotsitsa, operekera makalata amazungulira tebulo lalitali, aliyense n'kumatola za dera lake ngati nkhuku pa madeya. Pa onsewo, amene anagwera dera loipa anali Mfaddal. Lake linali la kumtunda, kumene njira ndi masitepe okhaokha, makomo alibe manambala, ndipo m'kanjira kamodzi mumapezeka mabanja anayi a dzina limodzi, onse osayankhulana.

Phiri limenelo analikwera zaka makumi awiri ndi ziwiri. Poyamba chikwama chinkakhala cha mapepala. Kenako anthu anasiya kulemberana n'kuyamba kugula zinthu pa foni, ndiye chikwama chinadzaza nsapato, simbi ndi mapoto. Makalata amene anatsala anali a kukhoti ndi a msonkho, ndipo wolandira ankayang'ana Mfaddal ngati walemba ndi iyeyo. Pamwamba pa izo akuluakulu anawapatsa kamakina koyenda nako m'thumba, kouza abwana pamene munthu waima ndi mphindi zimene wakhalapo. Mawondo ake anafika pomalira ngati chitseko chopanda mafuta.

Kumtundako ankamutcha Mfaddal wofatsa, chifukwa sanayankhepo munthu mwano. Sankadziwa kuti mawu onse amene ankameza masana ankakawalavulira mkazi wake, Rhimou, pa chakudya.

"Ntchito iyi indipha," anatero tsiku lina, mapazi ali m'beseni la madzi a mchere.

"Ndiye isiyeni. Achimwene aja akuti mukawathandize kugulitsa mabulangete."

"Ndizikatumidwa tiyi ndi mlamu wanga? Munthu wa imvi ngati ine?"

"Nanga kampani ya maphukusi ija?"

"Akufuna anyamata a njinga zamoto. Anandiyang'ana mawondo, osati mapepala."

"Pumani msanga basi."

"Tizidya theka la penshoni? Iwe ungadye theka la buledi?"

"Ndiye mwatsala ndi beseni lanulo, Si Mfaddal," anatero Rhimou, akumutchula ndi "Si" wa ulemu amene kwathu kuno amatanthauza bambo. "Madzi akazizira mundiuze."

Njira inatsala imodzi: mayeso okwezera anthu ku ntchito ya mu ofesi. Anawalemba kawiri, kawiri konse anagwa. Ulendo wachitatu dzina lake linatuluka. Lachitatu lina mkulu wa ofesi, Si Layachi, anamuitana n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mulungu wakuonani, Si Mfaddal. Lachisanu ndi tsiku lanu lomaliza ndi chikwama. Kalata yonena kumene mukupita ifika Lolemba."

"Ndikupita kuti, bwana?"

"Dikirani kalata. Inu mwa anthu onse mukudziwa kuti kalata imafika nthawi yake."

Koma patebulo lalitali lija nkhani inali itapsa kale. Wina anati opambana chaka chatha onse anapita ku ofesi yaikulu ya ku Tanja. Wina anawonjeza kuti kumeneko mipando ndi yozungulira ndipo pazenera umaona nyanja. Pofika madzulo Mfaddal anali atasamuka kale mumtima, ndipo anauza Rhimou kuti ayambe kufunsa makatoni.

"Kalata mwaiona?" anafunsa mkaziyo.

"Aliyense akudziwa."

"Aliyense si kalata."

"Lachisanu ndikatsanzika kumtunda," anatero Mfaddal, ngati sanamve. "Ndili ndi katundu wawo amene ndasunga zaka zambiri. Ndikawabwezera."

"Mukapereke moni basi, n'kutsika. Anthu aja anakumwetsani madzi."

"Anandimwetsanso zina."

Lachisanu m'mawa anakwera phirilo ngati mwana wa mbuzi. Poyamba anaima pa sitolo ya a Haj Bouchta, ogulitsa zokometsera ndiwo. Pasitolo imeneyi ndi pamene ankasiya maphukusi a anthu amene sanawapeze pakhomo, ndipo panali kampando kamene ankapumirapo. Koma a Haj anali ndi chizolowezi chomuimika mpaka atathana ndi ogula onse, ndipo zaka zonsezo sanamutchulepo dzina.

"Wapositi, dikira pang'ono," anatero, osadzutsa mutu.

"Ndadikira zaka makumi awiri ndi ziwiri, Haj. Dzina langa ndine Mfaddal. Ndipo poti lero ndi lomaliza, ndikuuzeni zimene dera lonse limanena mukatembenuka: tsabola wanuyu theka ndi ufa. Ku Maka kukapemphera munapita, koma chala chanu chinatsala pa sikelo."

Amayi atatu amene ankagula anayang'anizana. Mmodzi anabweza kaphukusi kake pa tebulo mwakachetechete.

Mfaddal anamva kupepuka kumene sanakumvepo chibadwire. Anapitiriza. Mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene ankadandaula kuti magazini ake amafika opindika, anauzidwa kuti ana amene anawaphunzitsa anatuluka opindika koposa. Telala anamva kuti mabatani ake amathothoka munthu asanafike pamphambano. Mayi wina wa pa nyumba yosanja, amene ankakonda kumukweza masitepe makumi asanu kuti akangomuuza kuti mwini phukusi wachoka, anauzidwa chimene chimachotsa mwamuna wake pakhomo. Chikwama chinkapepuka, pakamwa pankapepukanso.

Khomo lomaliza, pamwamba penipeni, linali la Lalla Zhor, mayi wamasiye wokalamba. Mwana wawo mmodzi yekhayo anawoloka nyanja kupita ku Spain zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Tsiku lililonse ankatsegula chitseko akangomva mapazi, n'kufunsa funso limodzimodzi. Tsiku limeneli anafunsanso.

"Mwana wanga, palibe kanga?"

Masiku onse Mfaddal ankayankha kuti mwina mawa, Mulungu akalola. Koma lilime likathamanga kutsetsereko silidziwa poima.

"Palibe, amayi, ndipo sikadzabwera. Masiku ano palibe amalemba kalata. Foni ali nayo. Ngati sakuimba ndiye kuti sakufuna. Lekani kuvutitsa anthu ndi mafunso."

Lalla Zhor anamuyang'ana pang'ono, anakonza mpango wawo, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Mfaddal anatsika phirilo osacheuka. Anakapemphera ku mzikiti wa kumunsi, kumene kunalibe womudziwa.

Lolemba anavala jekete ya pa ukwati wa mwana wake. Si Layachi anamupatsa envelopu akumwetulira ngati munthu wobisa mphatso kumbuyo. Mfaddal anawerenga kamodzi, anawerenganso. Kalatayo inati waikidwa pa zenera lachinayi, lolandirira madandaulo a anthu, pa ofesi yomweyi, ndipo akhala pa kuyesedwa miyezi isanu ndi umodzi.

"Amafuna akutumizeni ku Tanja," anatero Si Layachi. "Ndinakana ndine. Ndinawalembera kuti munthu uyu zaka makumi awiri ndi ziwiri palibe anamudandaulapo, anthu amamukonda ngati mwana wawo. Mukachita lendi ku Tanja chifukwa chiyani, kwanu kuli konkuno? Musandithokoze."

Mfaddal sanathokozedi.

Mpando unali wabwino, ngakhale sunali wozungulira. Anamupatsa chidindo, cholembera ndi mulu wa mafomu, lililonse ndi nambala yake, kuti lina lisasowe. Atakweza chotchinga cha pazenera, munthu woyamba pamzere anali a Haj Bouchta, atavala mkanjo woyera wa pa chikondwerero. Kumbuyo kwawo kunali mphunzitsi uja ndi mapepala m'manja, kenako telala, kenako mwamuna wa mayi wa pa nyumba yosanja.

A Haj anasuzumira pagalasi, anavula magalasi awo, anawapukuta, n'kuvalanso.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero motsitsa. "Ndimati ndivutika kufotokoza nkhope yake."

"Mtendere ukhale nanu, Haj. Ndikuthandizeni chiyani?"

"Ndabwera kudzadandaula za wantchito wanu. Maso angawa ndi ofooka, mundilembere."

Lamulo la pazenerapo linali loti wosatha kulemba amulembere ndi wa pazenera. Mfaddal anatenga fomu.

"Dzina la wantchitoyo?" anafunsa.

"Akuti ndi Mfaddal. Anandiuza yekha Lachisanu. Kalembedwe kake mukukadziwa."

"Analakwa chiyani?"

"Lembani kuti anati tsabola wanga theka ndi ufa. Ayi, musafupikitse. Za chala ndi sikelo zilowenso. Mawu abwino ngati amenewo asatayike."

"Haj, tingakambirane panja ngati anthu?"

"Ine ndikukamba ndi ofesi. Dindani."

Anadinda. Mphunzitsi anali atalemba kale yekha masamba atatu, ndipo anaima pomwepo kuonetsetsa kuti asapindidwe. Pofika Lachitatu madandaulo anali asanu ndi awiri, onse a munthu mmodzi, onse olembedwa bwino, odindidwa ndi kutumizidwa kumwamba ndi mwini wake. Si Layachi anawawerenga ataimirira, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ine ndinakulakwirani chiyani?"

Tsiku lililonse Mfaddal ankayang'ana pamzere kufuna nkhope imodzi. Lalla Zhor sanabwere. Akanabwera, iye akanawalembera fomu yawo ndi mtima wonse, chifukwa cholembedwa chimakhala ndi potsekera. Anafunsa Abdenbi, mnzake amene anapatsidwa dera la kumtunda.

"Khomo la pamwamba lija? Ndimayesa simukhala munthu. Silitseguka."

Patatha milungu itatu yankho linabwera kuchokera kumwamba. Linati popeza wantchitoyu waonetsa kuti satha kuyankhula ndi anthu, sayenera kukhala pa zenera la anthu. Abwerere ku ntchito yake yakale. Abdenbi, amene anali atasochera kokwanira, anamubwezera chikwama mosangalala ngati munthu wotula maliro a eni.

Rhimou sananene kuti ndinakuuzani. Anangotulutsa mbale m'makatoni n'kuzibwezera m'kabati, imodziimodzi, mokweza pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

Apa m'pamene Mfaddal anadziwa kuti zaka zonse zija phirilo sankalikwera yekha. Kampando ka pasitolo kanali katalowa m'kati. Atapempha kusiya phukusi, a Haj anati, "Malo alibe, Si Mfaddal. Ufa wadzaza." Dzina lake tsopano ankalitchula bwinobwino. Amayi amene kale ankakuwa ali padenga kuti usavutike kukwera, mwini wake wapita kumsika, tsopano ankangoyanika zovala n'kumamuonerera akukwera masitepe makumi asanu ndi kutsika nalo phukusi lomwelo. Akafunsa kuti mwa mabanja anayi aja mwini kalata ndi uti, aliyense ankati sadziwa. Ntchito imene inkatha dzuwa lili pamutu inayamba kutha anthu akuchokera ku pemphero la dzuwa litapendeka, ndipo kamakina ka m'thumba kankanena zonse kwa abwana.

Anapepesa. Kwa telala anapita ndi thalauza loti alikonze, ngakhale linalibe vuto. Kwa a Haj anagula tsabola wokwana chaka. Ena anafewa, ena anati tiona. Koma pakhomo la pamwamba anagogoda kawiri, osayankhidwa.

Mvula itayamba, m'mawa wina patebulo lalitali panagwa envelopu yaikulu yofunika kusayinira, ya masitampu a ku Spain. Mfaddal anawerenga dzina la wolandira, anawerenga la wotumiza, n'kukhala pansi pa thumba. Tsiku limenelo anayambira pamwamba.

"Lalla Zhor, ndine wapositi. Pali kanu."

Panapita nthawi chitseko chisanatseguke. Lalla Zhor anali ataonda. Anadinda chala pa pepala osamuyang'ana, n'kulandira envelopuyo ndi manja awiri. Anaisisita pamene panali dzina, ngakhale sukulu sanapiteko. Mapepala onse amene ankafika pakhomopo, a penshoni ya malemu amuna awo ngakhale a madzi, ankawawerengera ndi Mfaddal ataima pomwepo.

"Amayi, ndinalakwa. Mundikhululukire."

"Wokhululuka ndi Mulungu, mwana wanga."

"Nditsegule ndikuwerengereni?"

Lalla Zhor anaika envelopuyo pachifuwa, pansi pa mpango.

"Ayi. Ndidikira mphunzitsi abwere kuchokera ku msika. Ndadikira zaka zisanu ndi zinayi, ola limodzi silindipha. Mawu a mwana wanga sindifuna adutse pakamwa panu."

Anatseka chitseko mofatsa ngati tsiku lija. Mfaddal anakoleka chikwama n'kuyamba kutsika, chifukwa makomo makumi asanu ndi limodzi anali akumudikira. Zimene zinali m'kalatamo anazimva patapita mlungu, kwa telala, ngati mlendo wina aliyense: mwanayo anali atapeza mapepala okhalira kumeneko, ndipo ankabwera kudzaona amayi ake.

Mpaka lero Mfaddal akukwera phirilo. Kwatsala zaka khumi ndi chimodzi kuti apume. Anthu atsopano akabwera pa ntchito, tsiku loyamba amawaphunzitsa kumanga chikwama kuti chisapweteke phewa, ndipo wina akayamba kunena zimene adzawauze anthu a dera lake tsiku lochoka, iye amangoweramira makalata ake. Ife a patebulo lalitali ndi amene timamalizitsa, poti tinaona ndi maso zimene akulu ananena: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo, udzaupeza.