Thanki ya Kuseri kwa Mpando

Panali munthu wina, dzina lake Lemani, amene bambo ake pomwalira anamusiyira pikapu yakalekale. Inali ya zija za mphuno yaitali, zachitsulo chenicheni, zoti ukazigogoda chala ndicho chimamva kuwawa. Masiku ake galimotoyo inanyamula chimanga, akwati ndi maliro a dera lonselo. Koma pofika m'manja mwa Lemani inali itakhala pa njerwa zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pampando.

Lemani analumbira kuti aidzutsa. Anapala dzimbiri, nasakasaka zitsulo m'magalaja a m'tauni, napaka penti wobiriwira wofanana ndi wakale uja. Mng'ono wake Yotamu, yemwe ankadziwa kuwotcherera, ankamuthandiza. Ntchito inayenda bwino mpaka tsiku limene anazula mpando.

Kuseri kwa mpandowo kunali thanki ya petulo. Magalimoto ena a nthawi imeneyo ankapangidwa choncho. Woyendetsa ankakhala atatsamira mafuta ake, pakati pa msana ndi petulo pali thonje la mpando basi.

"Achimwene, ichi tichichotse muno," anatero Yotamu. "Tiike thanki ina kunsi kwa bodi, kumbuyo uko. Ikayamba kudontha izidonthera pa dothi."

"Bambo anayenda nayo zaka zonse zija. Anapsa?"

"Nthawi imeneyo inali yatsopano. Tamvani fungoli."

Lemani ananunkhiza, namwetulira. Fungo limenelo anakula nalo. Ali mwana ankakhala pampando womwewo, mutu atautsamiritsa pa phewa la bambo ake, ndipo malaya awo ankanunkha chomwecho. Komanso pa chitsulo chogwira thankiyo panali powotcherera pokhotakhota, ntchito ya manja a malemuwo. Kudula pamenepo kwa iye kunali ngati kufukula manda.

"Ili ndi fungo la bambo," anatero. "Zonse zikhale mmene anazisiyira."

Yotamu sanakangane ndi mkulu wake. Anapangabe thanki yatsopano, ndi zogwirira zake ndi paipi yake, naiika pakhonde kudikira tsiku limene mtima wa achimwene udzatembenuke. Inakhala pamenepo mpaka anthu anayamba kuyanikapo mbale. Galimoto itayamba kuyenda, mkazi wa Lemani naye ankadandaula kuti akakwera kutsogolo mutu umamupweteka. Mwamuna ankangoti, "Tsegulani windo."

Amati tsoka silinunkha. Ili linkanunkha ndithu, koma mphuno inali itazolowera.

Kenaka inafika nthawi yomanga chiliza pamanda a bambo aja. Lemani anafunitsitsa kuti pikapuyo ikafike kumandako ikuyenda yokha, anthu akaone kuti malemu anasiya mwana. Masiku onse oyesera galimoto ankangothira petulo wa m'botolo, wongonyowetsa pansi pa thanki. Tsiku limenelo anadzaza mpaka pakhosi. Sanaganize kuti kumtunda kwa thankiyo, kumene mafuta anali asanafikeko zaka zambiri, dzimbiri linali litadya chitsulo mpaka kutsala ngati tsamba.

Anadzera kwawo kwa mkazi wake kukatenga apongozi ake aamuna. Mkuluyu anali wolemekezeka, wosachulutsa mawu, khutu limodzi logontha. Lemani ankawaopa monga mkamwini woleredwa bwino amaopera: sankawayang'ana m'maso, polankhula nawo ankanjuta, ndipo anali asanawatsutsepo ngakhale pa nkhani ya mvula. Tsono munthu wotere angakwere kumbuyo? Anawatsegulira chitseko, nawakhazika pa mpando waulemu, msana wawo pa thanki. Amayi anadzaza kumbuyo, mkazi wa Lemani ali pomwepo, nayamba nyimbo.

Dzuwa linali likuswa mtengo, msewu uli fumbi lokhalokha. Apongozi anali atavala jekete yawo yakuda ya pa misonkhano. Anatseka windo lawo, naloza la Lemani. Mkamwini anatseka.

Msewuwo unali ndi chitsikireko chachitali chokathera pa mlatho wa matabwa, wongokwana galimoto imodzi. Atangoyamba kutsika, tayala linagwa m'dzenje, galimoto yonse nigwedezeka. Posakhalitsa maso a Lemani anayamba kulasa. Anayang'ana pansi. Kuchokera kunsi kwa mpando kunkatuluka kamtsinje, kakuyenda mwakachetechete mpaka pa nsapato za apongozi.

Lemani anazindikira kuti ndi petulo. Kuima sakanatha, pakuti mabuleki akale aja, katundu ali anthu, pamtsetse potero akanangowatengera kuphompho. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nadziuza kuti akawoloka mlatho aima.

Apo ndi pamene apongozi anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa chingambwe chokulunga kale, nachiika pakamwa. Mphuno yawo inali itaphedwa ndi fodya kalekale, sinkamva kanthu. Anapisanso, natulutsa bokosi la machesi.

"Bambo," anatero Lemani, mawu ali pansi monga mwa ulemu. "Pepani bambo, mwina fodyayo akanayamba wadikira."

Lemani anali kumbali ya khutu logontha lija. Injini inkabangula, zitsulo zikuphokosera, amayi kumbuyo nyimbo itawakolera. Mkuluyo anatsegula bokosi, nasankha kamtengo. Anakhwatcha. Kamtengo kanathyoka.

"Bambo!"

Mlatho unali pafupi. Apongozi anang'ung'udza za machesi a masiku ano, nasankha kamtengo kena, nakagwira pafupi ndi mutu kuti kasathyokenso.

Lemani anachotsa dzanja pa chiwongolero namenya. Anamenya ndi mphamvu zonse dzanja la apongozi ake, bokosi nkuuluka, timitengo nkumwazikira mu petulo muja. Chingambwe chinagwa pakamwa. Galimoto inapepeluka, tayala limodzi nkukwera m'mphepete mwa thabwa, koma inawoloka. Kutsidya anazimitsa injini.

Nyimbo inali itatha. Mkazi wa Lemani anali ataona zonse pa galasi la kumbuyo, ndipo anali atagwira pakamwa. Mkamwini kumenya apongozi, anthu akuona, pa tsiku la chiliza! Lemani anathamanga kukatsegula chitseko, nagwada m'fumbi. Manyazi anali atamugwira.

Mkuluyo anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana nsapato zake zonyowa. Anasuzumira kuseri kwa mpando, naona petulo akutsetsereka pa chitsulo. Anayang'ananso kumbuyo kumene kunali mwana wake wamkazi. Kenaka anasisita dzanja lomwe linali litayamba kutupa.

"Akamwini, chinthu ichi munkachidziwa?"

"Ee, bambo. Mng'ono wanga anandiuza."

"Nanga munachisiyiranji?"

"Ndi mmene anasiyira malemu bambo."

Apongozi anagwedeza mutu. "Mwatipulumutsa, sindikana. Koma munaopa kukhumudwitsa bambo wakufa, lero mwamenya bambo wamoyo."

Atatero anatola chipewa chawo nauyamba wapansi kunka kumanda, amayi onse nkuwatsatira. Pikapu ija sinafike pa chiliza. Inatsala pamlatho, zitseko zili pululu, ndipo madzulo ake inabwerera kunyumba ikukokedwa ndi ng'ombe.

M'mawa mwake Lemani sanadikire Yotamu. Anakhuthula petulo yense, nadzaza thankiyo ndi madzi, natenga sowo ya pamanja poopa moto. Anadula yekha pamene panawotcherera bambo ake paja, misozi ikutsika. Mng'ono wake atafika anapeza mbale zachotsedwa pa thanki yatsopano. Anaimangirira kunsi kwa bodi, nayendetsa paipi mpaka ku injini. Galimoto inalira monga kale. Patapita masiku fungo lija linatha, ndipo mkazi wa Lemani anakwera kutsogolo mutu osamupweteka. Koma chala chimodzi cha apongozi sichinawongokenso, ndipo pa msonkhano uliwonse wa banja Lemani ankachiona.

Inu amene mwandimva, aliyense wa ife anasiyiridwa kanthu kuseri kwa mpando. Wina ndi ukali wa bambo ake, wina ndi botolo lawo, wina ndi kalankhulidwe kawo kwa mkazi. Am'nyumba mwanu akhala akukuuzani kuti mukununkha, inu nkumati, "Kwathu timatero." Sindikuti tayani galimoto ya makolo anu, ayi. Ngakhale moto wa mumtima ndi wofunika, pakuti galimoto siyenda popanda mafuta. Koma usunthireni kumene suotcha amene mwakhala nawo pampando. Chitani zimenezi galimoto idakali pabwalo, pakuti pamtsetse mudzalipira ndi dzanja la munthu amene mumamulemekeza.