Mtchona Amene Anapita Kukaona Kwawo Kalembera Asanatseke

Panali munthu wina amene anachoka kwawo ndevu zisanamere, kupita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya m'dziko lina lakumwera. Ananyamuka ndi maganizo oti akangogula njinga ndi bulangete abwerera. Njinga anagula, inatha, anagulanso ina. Anakwatira komweko, anabereka ana, ndipo anawo nawonso anabereka. Mwini famu atachoka, boma linagawa malowo, iye n'kulandira kachigawo kake m'mbali mwa mtsinje. Imvi zinamupeza ali komweko. Koma munthu akamufunsa kuti kwanu n'kuti, ankatchulabe mudzi wa amayi ake.

Chaka china boma la dzikolo linalengeza kuti onse ochokera kunja, pamodzi ndi ana awo obadwira momwemo, ndi alendo. Wofuna kukhala nzika akalembetse mwezi wa Okutobala usanathe, ndipo asiye unzika wa kumene anachokera. Wosalembetsa sadzaloledwanso kukhala ndi munda. Kalemberayo ankayambira kwa mwini banja, moti ana sakanalembedwa bambo awo asanaonekere.

Anzake anathamangira kuboma. Iye anangokhala pakhonde, kumayang'ana mbuzi zake.

"Bambo a Yotamu," anatero mkazi wake, "anzanu onse alembetsa. Inu mukudikira chiyani?"

"Ndikalembetsa ndiye kuti ndakana manda a amayi anga," anayankha. "Komanso pali chimene ndikufuna kudziwa. Kodi kwathu kuja akundidziwabe? Ndikaone kaye ndi maso angawa."

"Masiku akutha."

"Ndikudziwa."

Anagulitsa mbuzi imodzi, n'kukwera basi.

Atatsika, sanazindikire malowo. Pamene anasiya tchire panali magolosale ndi chigayo. Anafunsa njira, ndipo anyamata amene anawafunsawo anaseka kalankhulidwe kake, chifukwa lilime lake linali litapindika ndi chilankhulo cha kumene ankakhala. Mlongo wake anali atamwalira kalekale. Anapeza mwana wa mlongo wakeyo, mayi wachikulire dzina lake Nangondo, amene anabadwa iye atachoka kale.

Nangondo atamva dzina la mlendoyo, analira, analulutira, naitana mudzi wonse. "Amalume abwera! Amalume aja tinkangowamva!" Anamuphera tambala. Anamutenthetsera madzi osamba. Anamupatsa mpando wokhawo wokhala ndi chotsamira, ndipo eni nyumba anagona pamphasa kuti iye agone pabedi. Mkuluyo anati mumtima mwake: ndiye kwathu kumeneku, akundidziwa.

Koma anali munthu wachidwi, ndipo anapitiriza kupenyetsetsa.

M'mawa wina anaona anthu akupita kukasosa m'minda. Anatenga khasu limene linali kuseri kwa nkhokwe. Nangondo anathamanga, nagwada, n'kumulanda mwaulemu. "Iyayi amalume, anthu angatiseke. Inu khalani mupume."

Tsiku lina abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kukambirana za malire a dimba limene ana awiri a m'banjamo ankakanganirana. Nkhani yotere mwini wake ndi malume. Iye anayandikira. Onse anaimirira, anamupatsa moni, anamufunsa ngati anagona bwino, ndipo nkhani ya dimba inazizira mpaka iye atachokapo.

Kenako m'mudzimo munagwa maliro. Uthenga unayenda khomo ndi khomo, koma iye anamva chifukwa cha kulira. Atafika pasiwa anamutsogolera kumipando ya alendo, pamthunzi, pafupi ndi abusa ochokera kutauni. Anakhala pamenepo manja ali pamaondo, kumaona amuna anzake akunyamula makasu ndi nkhwangwa kupita kumanda. Palibe anamutuma kanthu. Palibe anamufunsa kanthu. Apa m'pamene anakumbukira kuti kufamu kuja maliro akagwa, ankayamba kudzauza iye. Ndiye ankaloza pokumba, ndiye ankadziwa amene anagona pati, ngakhale ana ake awiri anagona komweko.

Pochokera kumanda, nkhalamba ina ya msinkhu wake inamugwira dzanja mwachikondi. "Mwachita bwino kudzationa, achimwene. Nanga mubwerera liti kwanu?"

Mkuluyo sanakwiye. Anayang'ana nkhalambayo nthawi yaitali, ngati munthu amene wauzidwa yankho la mwambi umene unamuvuta kuyambira ubwana.

"Mawa," anatero.

Madzulo ake anapempha Nangondo kuti amulozere manda a amayi ake. Anazulapo udzu ndi manja, analankhula mawu ochepa amene wina aliyense sanawamve, n'kubwerera kunyumba. Kutacha anatsazika. Nangondo anamumangira mtedza ndi ufa, namuperekeza mpaka pamsewu akulira, ndipo misozi yake inali yoona.

Basi inawonongeka panjira. Pachipata cha dziko anamusunga nthawi yaitali, kumufunsa mafunso. Anafika mwezi wa Okutobala uja utatsala pang'ono kutha, ndipo sanapite n'kunyumba komwe. Analunjika kuboma ndi katundu wake kumutu, natumiza uthenga kuti mkazi wake ndi ana amupeze kumeneko.

Mzere unali wautali, wozungulira mpanda. Dzuwa linali likuswa mtengo. Ataima kumapeto kwake, anamva mawu akuthwa kumbuyo. Anali mnansi wake, mayi wamasiye, nzika yobadwira m'dzikomo, amene ankagulitsa nthochi pamenepo.

"Inu! Munali kuti masiku onsewa? Mbuzi zanu zamaliza mpiru wanga kudimba. Mlatho wa pamtsinje uja wathyoka, ndipo anthu akuti sitikonza mpaka mubwere, poti ndinu mumadziwa mitengo yake. Munthu wamkulu ngati inu kumangosowa osatsazika!"

Anthu a pamzere anatembenuka, kuyembekeza mkangano. Koma mkuluyo anatula katundu wake pansi n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kupukuta m'maso. Mayiyo anadabwa, nawonjezera kukalipa, ndipo iye anawonjezera kuseka.

Chitseko chisanatsekedwe, iye ndi mbumba yake yonse anali atalembedwa. M'mawa mwake anali pamtsinje, nkhwangwa ili m'manja.

Abale anga, ine munthuyu sindimudzudzula chifukwa chopita kukaona. Funso limene linali mumtima mwake linali loyenera kulifunsa, ndipo a Nangondo sanalakwe pomulemekeza. Koma taonani chimene anakapeza. Kumene amakuyalira pabwino, kukuphera nkhuku n'kukubisira mavuto awo, amakukonda ndithu, koma uli paulendo. Kumene amakudandaulira, kukutuma, kukukalipira ukasowa, kumeneko akuwerengera kuti ndiwe wawo.

Tsono dzifunseni lero: ndani amavutika ine ndikapanda kuoneka? Mukapeza yankho, musazengereze kunena kuti kuno n'kwathu. Munthu uja anapeza chitseko chikadali chotsegula, koma ena amene anaima kumbuyo kwake anachipeza chitatsekedwa, mafunso awo akadali m'kamwa.