Khoma la Mayi Rabeka

Lazaro atamangira mayi ake chipinda kuseri kwa nyumba yake ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, Mayi Rabeka anapempha chinthu chimodzi chokha. Iwo anakulira m'komboni ya mgodi ku Kadoma, momwe makoma anali bii ndi utsi wa palafini. Koma ali kamtsikana, bambo awo anawatengako kamodzi kumudzi ku Dedza, ndipo anakagona m'nyumba yozira ndi dothi lotuwa la kudambo. M'mawa kuwala kunkalowera pakhomo n'kukhazikika pakhomapo ngati mkaka m'chikho. Khoma limenelo analilota mpaka imvi.

"Mwanangu, undipakire penti wotero," anatero mayiwo. "Osati woyera mbee ngati kuchipatala ayi, wotuwirako pang'ono. Ndilione khomalo maso angawa asanatseke."

Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, ndipo aliyense pakhomopo ankadziwa.

Tsono Lazaro anali munthu wofuna chinthu chikhale ndendende, mwinanso mopitirira muyeso. Anakwera minibasi ya ku Kadoma n'kubwerako ndi tizitini ta penti: wonga mchenga, wonga phulusa lozizira, wonga chigoba cha dzira. Anapaka tizigamba pakhoma, n'kukoka mpando, n'kumatiyang'ana ngati akuonera kanema. Kachigamba kamene kamukomera m'mawa, dzuwa likapendeka kankamuonekera kachikasu. Loweruka lotsatira ulendo wa ku Kadoma unalipo.

Mkazi wake Rumbi, mayi wa mwana wawo Ruramai, anatopa nazo. "Nhai Baba vaRuramai, ingosankhani umodzi basi. Amai maso akupita awa."

"Iwe sungamvetse," anayankha Lazaro. "Akufuna wa ku Dedza weniweni. Ndikapaka wolakwika ndiye kuti ndawanamiza."

Tsiku lina Mayi Rabeka anasinzinira n'kuloza. "Kachigamba ka pafupi ndi windoko kakufanana ndithu, Lazaro. Paka komweko."

"Dikirani pang'ono, amayi. Kusitolo akuti mwezi wamawa kubwera wina woposa ameneyo."

Mayiwo sanakakamire. Masana ankangokhala m'chipindamo n'kumawodzera, ndipo m'tulomo ankaona tizigamba tija tikukula pang'onopang'ono mpaka kudzaza khoma lonse, nkhunda za ku Dedza zikulira padenga. Mvula inagwa n'kusiya, thonje linakololedwa m'minda ya ku Chegutu, nkhungu ya m'maso mwawo ikukhuthalirakhuthalira.

Atayesa mitundu yonse, Lazaro anavomera kuti palibe woposa uja wa pawindo. Anapaka chipinda chonse, ndipo kunena zoona chinakongola. M'mawa mwake anawagwira mayi ake dzanja n'kuwalowetsa, mtima uli dyokodyoko.

"Taonani, amayi! Dedza yanu ija ndi imeneyi."

Mayi Rabeka anatembenuza nkhope uku ndi uku. Kenaka anatambasula dzanja n'kuyamba kupapasa khoma.

"Fungo lake ndikulimva, mwanangu. Tandiuza, kuwala kwafika pati?"

Lazaro anatenga dzanja lawo n'kuliika pamene panawomba dzuwa.

"Apa pakufunda," anatero mayiwo akumwetulira. "Wapaka uti?"

"Uja munaloza, amayi. Wa pawindo."

"Ndiye ndinauona kale. Usalire."

Koma Lazaro analira, chifukwa ankadziwa kuti m'malo mwa khoma lonse, mayi ake anangoona kachigamba kosaposa chikhatho. Rumbi anaima pakhomo akuwayang'ana. Akale aja sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.