Makina Ozizidwa a pa Chiponde

Chaka chimene nkhondo ya ku Mozambiki idazilala, othawa kwawo n'kuyamba kubwerera, pa Chiponde padali kaofesi ka bungwe lina lothandiza anthu. Kadali kachipinda kamodzi ka malata, jenereta kuseri, kompyuta imodzi pathebulo. Woyang'anira kaofesiko adali Rowland, mwana wa ku Lungwena, munthu wa mutu wogwira ndithu, koma wa phuma ngati wakhalira linthumbu. M'mawa uliwonse ankayatsa kompyuta, iyo n'kukoka mauthenga pa waya wa telefoni kuchokera kwa anzawo a kutsidya kwa malire amene ankafufuza misewu. Nthaka ya kumeneko idali yodzala ndi mabomba okwirira. Choncho lamulo lidali limodzi: lole yonyamula anthu isanyamuke Rowland asanawerenge kuti msewu uli bwino.

Kompyutayo inkagwira ntchito mwa ulemu wake, osathamanga, osaima. Rowland zimenezo zinkamudya moyo. Tsiku lina adawerenga m'magazini ya kunja kuti ukatsegula bokosi la makinawo n'kusuntha tizitsulo tating'ono ngati njere za mpunga, amathamanga kuposa mmene eni ake adawapangira. Sadagone nazo. Adamasula bokosilo, nasuntha tizitsuloto, ndipo zoonadi masana amenewo kompyuta idauluka. Zimene kale ankadikira mpaka tiyi kuzizira, tsopano zinkatuluka asanaphethire.

Gerald, katswiri amene adaika makinawo, atabwera kuchokera ku Blantyre adasuzumira m'bokosi, napukusa mutu.

"Achimwene, mwachita chiyani muno? Masana ikatenthedwa izikusekererani, koma m'mawa ikazizira izivuta kudzuka. Bwezerani mmene zidaliri."

"Inu a m'tauni mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe," adayankha Rowland. "Ine ndili ndi anthu pakhomo pano, sindingamadikire makina oyenda ngati akupita ku maliro."

Gerald adangoti, "Ndanena ine," nakwera basi yake.

Kenaka udafika mwezi wa Juni. Amene adagonapo ku mapiri a Namwera akudziwa chisanu chake, chimene chimalowa m'mafupa, chifunga chili phaa mpaka mtengo wa pakhomo osauona. Rowland akadina batani, kachikupizo ka m'bokosi kankayamba kulira, koma galasi loonetsa zilembo lili bii. Makinawo ankabuula, n'kuzima okha, n'kuyakanso okha popanda wowakhudza. Ankatero kangapo, ngati munthu wofuna kudzuka koma wina wamukanikiza pachifuwa, kenaka n'kulira kamodzi kuti pii, zilembo n'kutuluka. Tsiku lililonse kudikirako kunkatalika.

Chimene chinkamusautsa Rowland chidali galasi lakudalo. Akakhala pampando kuliyang'anitsitsa, ankaonamo nkhope za othawa nkhondo amene ankasuzumira pawindo kumbuyo kwake: nkhope zotuwa, zosayankhula, zoyandama mumdima ngati za anthu omira m'madzi. Amayi achikulire adayamba kunong'onezana kuti makinawo amafunsa za misewu kwa akufa amene adagonamo, ndipo akufa sayankha msanga. Rowland ankaseka akamva zimenezo, koma tsitsi linkamunyerenyetsa. Kusiya jenereta ikulira usiku wonse kuti kompyuta isazime sikukadatheka, mafuta adali operewera. Ndiye madzulo adayamba kufunditsa kompyutayo bulangete. M'mawa, potsegula chitseko, chinthu chofunditsidwacho chinkaoneka ngati mtembo wa mwana wogonekedwa pathebulo, mpaka amayi aja adaleka kuyandikira khomo la ofesi.

Abale, kubwezera tizitsulo tija sikukadamutengera ngakhale nthawi yomwera tiyi. Koma adali atadzitama kale kwa aliyense, kuyambira a kasitomu a pachipata cha malire mpaka ogulitsa nthochi, kuti makina ake palibe ofanana nawo m'boma lonse la Mangochi. Munthu akameza chikho cha matama, kulavula kumamuvuta.

Rowland adali atakwatira Joana, mtsikana wothawa nkhondo yomweyo, ndipo nthawiyi Joana adali woyembekezera. Amayi ake a Joana, mayi Luisa, adali ndi khumbo limodzi lokha: kubwerera kumudzi kwawo, kutsogolo kwa Mandimba, kukasesa manda a amuna awo amene adawaika mothamanga mfuti zikulira. Monga mwa mwambo, Rowland ndi apongozi akewo sankayang'anana m'maso kapena kuyankhulana mwachindunji. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadutsa mwa Joana. Komabe Rowland ankafunitsitsa apongoziwo aone kuti mwana wawo sadakwatiwe ndi mkamwini wamba. Ndiye adawapezera malo pa lole ya ulendo wotsatira.

Tsikulo kudacha ndi chifunga choopsa. Anthu adakwera lole kusanayere bwino, mitolo pamiyendo, nkhuku zomanga m'manja, ana atakulungidwa m'zitenje. Rowland adavundukula bulangete nadina batani. Makina adabuula, nazima. Adayakanso, nazimanso. M'galasi mudali mdima wokhawokha, ndipo pakuti onse adali pa lole, mudalibe nkhope ina koma yake.

Bashiru, dalaivala wa lole, adagogoda. "Bwana, nthawi ikutha. Tikachedwa tikagona m'njira, ndipo kumene kuja kugona m'njira si zamasewera."

"Dikirani pang'ono, a Bashiru. Kompyutayi idzuka pompano."

Siidadzuke. Adaisisita m'mbali, adaipumira mpweya wofunda, adaitukwana chamumtima, koma iyo inkangobuula. Panja ana adayamba kulira ndi chisanu. Mwamuna wina pa lole adafuula kuti, "Kodi akufa aja lero agona mochedwa?" Ena adaseka, ena adamudzudzula.

Kenaka Joana adalowa, nagwada pakhomo. "Bambo, amayi akuti musavutike nawo. Akuti ngati makina a mkamwini wawo akudwala, iwo atsika, adzapita tsiku lina. Akuti adadikira zaka, sangalephere kudikira mawa."

Mawuwo adali aulemu, ndipo mayi Luisa adawanena ndi mtima woyera. Koma Rowland adamva ngati amuvula pagulu. Apongozi atsike pa lole ndi mtolo wawo, anthu onse akuona, chifukwa mkamwini walephera kuyatsa makina ake omwe? Adatuluka panja atatukula chifuwa.

"A Bashiru, msewu umenewu wakhala uli bwino masiku onsewa. Nyamukani."

Bashiru adamuyang'ana. "Mwawerenga, bwana?"

"Ndati nyamukani!"

Bashiru adangoti, "Bisimilla, m'dzina la Mulungu," naliza injini. Mayi Luisa adaphimba nkhope ndi chitenje, naomba m'manja mofatsa kuthokoza mkamwini wawo. Lole idalowa m'chifunga, ndipo posakhalitsa ngakhale kulira kwake sikudamvekenso.

Rowland adabwerera muofesi. Pamalopo padali zii, kupatula jenereta ndi kubuula kwa makina. Adakhala pansi n'kudziuza kuti wachita bwino. Nthawi idapita, chifunga chidayamba kusungunuka, dzuwa lidagunda malata, chipinda n'kufunda. Apo ndi pamene kompyuta idalira kuti pii. Zilembo zidatuluka, makina adakoka mauthenga mwaliwiro lawo lonyaditsa lija, ndipo uthenga woyamba udali waufupi. Dzulo madzulo ngolo ya ng'ombe idaponda bomba pafupi ndi kamlatho kutsogolo kwa Mandimba. Akukayikira kuti alipo ena. Lole isanyamuke.

Mayo ine! Rowland adatuluka ngati wamisala, nalanda njinga yamoto ya wamalonda wina, osapempha n'komwe. A pachipata cha Malawi adamutsegulira poona nkhope yake. Pachipata cha kutsidya msilikali adamuuza kuti lole idachedwa pamenepo ndi zikalata, koma idadutsa kale, anthu akuimba nyimbo. Adathamangitsa njingayo mpaka misozi kuuluka ndi mphepo, akufuula dzina la Bashiru ngati kuti angamve. Atangopitirira nyumba zomaliza za Mandimba, adamva kugunda kumodzi kutsogolo, kozama, kosakweza, ngati wina wagwetsa thumba la chimanga m'nyumba yoyandikana. Mbalame zidabalalika m'mitengo. Rowland adaimitsa njinga.

Bashiru adapulumuka, koma mwendo udatsala pa kamlathopo. Mayi Luisa sadapulumuke. Adafika kumudzi kwawo atakulungidwa mumphasa, ndipo adawaika pafupi ndi amuna awo, pa manda amene adafuna kukasesa.

Maliro atatha, Joana sadakuwe, sadatukwane. Adakhala pakhonde, dzanja pamimba, nafunsa mwamuna wake funso limodzi.

"Bambo, makina aja adadzuka?"

"Adadzuka."

"Ndiye amayi akadatsika monga adanenera, bwenzi lero ali pano?"

Joana adadzuka pang'onopang'ono, nalowa m'nyumba. Mwana adabadwa wamkazi, nakula akumva kuti adali ndi agogo amene sadamuone, ndipo bambo ake akamva funso lokhudza agogowo ankatuluka panja.

Rowland adafuna makina othamanga, ndipo adawapeza. Adafuna lole inyamuke msanga, ndipo idanyamuka. Iye mwini adathamanga tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adafika kumene ankapita. Akuluakulu sadaname pamene adati kuthamanga sikufika.