Makina a Malemu Welosi

Panali munthu wina kumapiri uko, dzina lake Namakhwa, amene mng'ono wake anali wocheka mitengo. Mng'onoyo, Welosi, anali ndi makina aakulu ochekera, aja ena amati tcheniso. Sanali makina oti aliyense n'kungonyamula. Anali olemera, ndipo chingwe chake cholizira chinali cholimba kukoka, moti munthu wosawadziwa ankangopwetekapo phewa.

Welosi sankagwira ntchito yekha. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankayenda ndi mkazi wake, Elube. Elube ndiye ankasakaniza petulo ndi oyilo, ndiye ankanola mano a tcheni, ndiye ankatsuka pulagi. Msana wa mwamuna wake ukavuta, ankaliza makinawo yekha n'kugwetsa bulugamu, Welosi atakhala pachitsa akuonerera. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi.

Kenaka Welosi anadwala, namwalira.

Patapita masiku atatu chiikire maliro, Namakhwa anafika pakhomo pa mlamu wake akukankha njinga. Za ana sanafunse. Analowa m'nyumba, natuluka atanyamula makina aja, nayamba kuwamangirira pakaliyala.

Elube anagwada pafupi ndi njingayo. "Alamu, anawa adya chiyani mukatenga zimenezi?"

"Makina si khasu, alamu," anatero Namakhwa. "Munthu wamkazi muchita nawo chiyani? Ichi n'chuma cha m'bale wanga. Chikasungidwe kwathu."

Pabwalo panali amuna asanu ndi mmodzi, atakhala pamkeka. Onse anali ataonapo Elube akugwetsa mitengo. Wina anayamba kukonza lamba wa nsapato yake. Wina anayang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula. Njinga inatuluka pachipata popanda woitsekereza.

Koma Namakhwa sankadziwa kuliza makinawo. Anayesa kamodzi kuseri kwa nyumba yake, kumene kunalibe womuona. Chingwe chinamupulumuka n'kumukwapula pachala. Kufunsa mlamu wake kunamuchititsa manyazi. Choncho anawaika m'chipinda chosungira feteleza, petulo akadali m'makinamo, nawafunditsa chiguduli, nakhoma chitseko. Akabwera munthu kudzapempha kuti amudulire mtengo, ankangoti, "Sindibwereketsa."

Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Nthawi yonseyo Elube ankathyola tiyi m'minda ya eni ake. Mwana wake wamkulu anasiya sukulu. Makina oti akanadyetsa anthu asanu anangogona pansi pa chiguduli, makoswe akuyendapo.

M'mawa wina wa February kunabwera mphepo yaikulu. Bulugamu wamkulu amene anali kuseri kwa nyumba ya Namakhwa anazuka ndi mizu yomwe, nagwera pakhitchini. M'khitchinimo munali Fanesi, mkazi wa Namakhwa. Sanafe. Koma thunthu linamupanikiza mwendo kumunsi kwa bondo.

Anthu anathamangira. Amuna makumi awiri anayesa kunyamula, mtengo sunasunthe. Anabweretsa nkhwangwa, koma nkhwangwa ikangogunda, thunthu lonse linkanjenjemera pamwendo paja, Fanesi n'kukuwa. Anasiya.

"Nanga makina aja?" anafunsa wina.

Namakhwa anatsegula chipinda, nawatulutsa, nawasansa fumbi. Anagwira chingwe, nakoka. Chingwe chinatuluka pang'ono chabe n'kuima, ngati achimangirira kumwala. Anakokanso ndi mphamvu zake zonse. Makina anadumpha pansi, osalira. Anakoka mpaka malaya ananyowa.

Amuna anayamba kusinthana. Anakoka woumba njerwa, amene manja ake anali ngati mipini. Anakoka mphunzitsi. Wina anati agwedezeni, anawagwedeza. Wina anati amenyeni pambali, anawamenya. Fungo la petulo wakale linadzaza bwalo. Ndipo pamene chingwe chimakhudzana ndi chitsulo, chinayamba kunyotsoka.

Mbiri inafika kutsidya kwa mtsinje, kumunda wa tiyi. Elube anataya dengu. Anadutsira kunyumba kwake, natenga zinthu ziwiri zimene mlamu wake anazisiya tsiku lija chifukwa sankadziwa ntchito yake: sipanala yomasulira pulagi ndi kabotolo ka oyilo. Anaoloka madzi ofika m'chiuno, nafika akupuma movutikira.

"Alamu, musakokenso," anatero. "Petulo ameneyo wawola. Oyilo watsikira m'kati mwa injini, n'chifukwa chake chingwe chikulimba chonchi. Mukamakoka mukungowamiza. Ndipatseni."

Namakhwa sanamuyang'ane. "Amuna khumi alephera pano. Inu ndiye ndani?"

Mvetsetsani, abale anga. Munthu ameneyu sankakayika kuti mlamu wake angathe. Ankadziwa bwino kuti angathe, ndipo chimenecho ndicho ankaopa. Makinawo akanangolira m'manja mwa Elube, aliyense pabwalopo akanaona mwini wake weniweni. Choncho anawerama, nakokanso. Mkazi wake ali pansi pa mtengo, iye anali kuteteza nkhope yake.

Dzuwa linakwera. Elube anaima pomwepo, sipanala ili m'manja, madzi akudontha m'chitenje. Anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi. Panalibe amene anati, apatseni. Anapitiriza kusinthana chingwe, poti kukoka kunali kosavuta kusiyana ndi kulankhula.

Mawu a Fanesi anayamba kuchepa. Anaitana mwamuna wake motsitsa. "Abambo a Dalitso, apatseni. Mwendo sindikuumvanso."

"Limba mtima," anatero Namakhwa. "Atsala pang'ono kulira."

Pamenepo Elube anasiya kupempha. Namakhwa akuweramira chingwe, iye anaponda chogwirira cha makinawo ndi phazi lake, nawakanikizira pansi.

"Chingwechi chatsala ndi ulusi utatu," anatero, mokweza kuti onse amve. "Chikaduka, mkazi wanu afera pompano, inu mukuona. Chotsani dzanja."

Namakhwa anayang'ana chingwe. Anachotsa dzanja.

Elube sanathamange. Anakhuthula petulo wakale yense, wofiirira ngati tiyi wogonetsa. Anamasula pulagi, naipeza yakuda ndi yonyowa. Anatembenuza makinawo chadodolido, nakoka chingwe pang'onopang'ono kangapo, ndipo madzi akuda anatuluka pabowo la pulagi. Chingwe chinafewa. Anapukuta pulagi ndi nsonga ya chitenje, naiwaula pamakala amene mayi wina anabweretsa paphale, naibwezeretsa. Wakabaza wina anatsitsira petulo wa m'njinga yake yamoto m'botolo, ndipo Elube anathiramo oyilo uja, moyeza ndi kachitsekero, nathira m'makinamo.

Kenaka anakhazika makina pansi, naponda chogwirira. Anadina kabatani kena kakang'ono pamwamba pa injini, kamene kamapepuza chingwe, kamene amuna onse aja sanakaone n'komwe. Anakoka modekha mpaka chingwe chinagwira, ndiye anakoka kamodzi, mwachidule, mwamphamvu. Makina anatsokomola. Anakokanso. Ulendo wachitatu analira, utsi wabuluu uli tolotolo.

Elube anauza amuna kuti achirikize thunthu ndi zipika mbali zonse ziwiri, ndipo anamumvera ngati ana. Anadula malo atatu. Nthawi yake inali yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Chidutswa chimene chinali pamwendo chinanyamulidwa ndi anthu anayi okha, ndipo anamusolola Fanesi.

Galimoto yopita kuchipatala inali itafika. Anamukweza. Namakhwa anaponda pachitseko kuti akwere, koma anatembenuka, napisa dzanja m'thumba.

"Alamu, makinawo mukawaike mommuja. Kiyi nayu."

Munthu amene mkazi wake wangotuluka kumene pansi pa mtengo, chimene anakumbukira ndi kiyi!

Elube anakhuthulira petulo wotsala m'botolo la wakabaza uja, napukuta tcheni, napinda nkhata, nasenza makinawo pamutu. Anayamba ulendo wa kumtsinje.

"Mwaona?" anakuwa Namakhwa. "Akuba inu mukuyang'ana! Agwireni!"

Palibe anamugwira. Koma musawayamikire anthu amenewo, chifukwa palibenso anatsegula pakamwa kunena kuti makinawo ndi ake. Palibe anamulandira katunduyo pokaoloka mtsinje. Anaoloka yekha, madzi ali m'chiuno, chitsulo cholemera chili pamutu.

Kuchipatala madokotala anati magazi anakhala nthawi yaitali osayenda. Mwendo wa Fanesi anaudula. Lero amayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo mwamuna wake amauza alendo kuti zinachitika chifukwa cha mphepo.

Tsono inu amene mwakhala pano, ndikuona mukupukusa mitu chifukwa cha Namakhwa. Kupukusa mutu n'kosavuta. Namakhwa anali mmodzi, koma pabwalo paja panali anthu makumi awiri, aliyense ndi pakamwa pake, ndipo mwendo uja unafa iwo akusinthana chingwe. Ngati m'nyumba mwanu muli chinthu chimene munalanda mkazi wamasiye, n'kumachitcha chosungidwa, musadikire tsiku loti mudzamufune mwini wake. Kabwezeni sabata ino, masana, anthu akuona. Ndipo inu amene simunalande kanthu, koma munaona m'bale wanu akulanda n'kukhala chete, musadziwerengere pagulu la osalakwa. Mukumudziwa mayiyo ndi dzina. Mukudziwanso chitseko chimene katundu wake ali kuseri kwake. Mukatuluka muno, pitani mukagogode.